Mukufuna Kulowa mu Wrestling? Yambani ndi Kuphunzira Kugwa

Loweruka lina madzulo ndinapeza anyamata anayi pa mulu wa mchenga wa omanga nyumba, atangotuluka mu vidiyo sho. Wamkulupo anali atanyamula mnzake chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba, akufuna kumukhomera pansi monga anaonera pa kanema. Ndinakuwa asanamutaye. Wonyamulidwayo atatsika ankangoseka, osadziwa kuti khosi lake linangotsala pang'ono kuthyoka. Chithunzi chimenecho sichinachoke m'mutu mwanga, chifukwa ana ngati amenewa amakula, ndipo ena mwa iwo amadzafunsa moona mtima kuti, kodi munthu amatani kuti akayesedwe n'kutengedwa kukhala katswiri wa wrestling? Ndikulembera ofunsa chotero, amuna ndi akazi amene akwanitsa zaka 18.

Tiyambe tamvana chinthu chimodzi. Mu wrestling ya makampani akuluakulu monga WWE, AEW kapena New Japan Pro-Wrestling, wopambana amadziwika masewera asanayambe, ndipo awiri amene mukuwaona akumenyana aja akugwira ntchito limodzi. Koma pansi pamene akugwerapo si pabodza ayi. Ring'i, bwalo limene amasewerapo, ndi zitsulo, pamwamba pake matabwa, kenaka kasiponji kopyapyala ndi chinsalu cholimba. Ya WWE ndi yotalika mafiti 20 mbali iliyonse, pafupifupi mamita 6. Mu 1999 Darren Drozdov anagwetsedwa molakwika ndipo sanayendenso mpaka imfa yake mu 2023. Mitsuharu Misawa, katswiri wa ku Japan amene anagwa kosawerengeka pa moyo wake, anafa mu 2009 ku Hiroshima atagwetsedwa chagada mu ring'i. Choncho oyesa anthu akamakuyang'anani, funso lalikulu m'mitima mwawo n'lakuti: kodi uyu tingamupatse thupi la mnzake, n'kulibweza lili lamoyo? Zonse zimene ndikunene pansipa zikuchokera pa funso limeneli.

Pitani kaye kuchipatala

Musananyamule chitsulo chilichonse, kaonaneni ndi dokotala ndipo mumuuze chimene mukufuna kuchita. Akupimeni kuthamanga kwa magazi ndi mtima. Ngati munakomokapo mukuthamanga, ngati mumagwa khunyu, ngati munavulalapo khosi kapena msana, nenani, musabise. Kayezetseninso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, chifukwa m'masewerawa anthu amachekana mwangozi, ndipo makampani komanso mabungwe oyang'anira masewera m'madera ambiri amafuna zotsatira za magazi. Mapepala amenewa asungeni bwino.

Mpweya choyamba, akatumba pambuyo

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Mnyamata amatha chaka chonse akunyamula zitsulo za simenti kuseri kwa nyumba, chifuwa n'kutukuka ngati cha tambala, koma mumuthamangitse mphindi zitatu, befu wamugwira, manja ali m'mawondo. Mu ring'i munthu wotha mpweya ndi woopsa kuposa wofooka. Akatopa amaiwala chimene anagwirizana, manja amatereka, mnzake n'kutsikira pamutu. N'chifukwa chake mayeso ambiri amayamba ndi kukutopetsani dala, kuti aone mmene mumaganizira mapapo akamayaka.

Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi ya kukonza thupi basi. Thamangani katatu pa mlungu, koma osati ulendo wautali wapang'onopang'ono wokha. Wrestling ndi yophulika n'kuima, kuphulikanso n'kuima. Pitani pa bwalo la mpira, thamangani ndi mphamvu zonse kuchokera pa golo ina kufika pa inzake, bwererani mukuyenda, kenaka bwerezani. Yambani ndi maulendo 6, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka 15. Ngati kwanu kuli chitunda, chithamangireni chokwera. Kulumpha chingwe nakonso kumathandiza kwambiri, chifukwa kumapepukitsa mapazi.

Kenaka phunzirani kugona pansi ndi kudzuka mofulumira, kambirimbiri. Gonani chafufumimba, dzukani, lumphani, gonaninso. Chitani kwa mphindi imodzi, pumani theka la mphindi, bwerezani kasanu. Zikuoneka zachibwana, koma masewera a mphindi khumi mu ring'i ndi zomwezi: kugwa ndi kudzuka, kugwa ndi kudzuka, nkhope ikuonetsa ululu kwa oonerera pamene mutu ukuwerengera chotsatira.

Za masikwati, kunjuta ndi kudzuka mobwerezabwereza kuja, ndiime pang'ono. Ku Japan, pa malo ophunzitsira a New Japan Pro-Wrestling ku Tokyo, ophunzira atsopano, amene amatchedwa young lions, amachita masikwati mazanamazana tsiku lililonse, amasesa, amachapa, amaphikira akuluakulu, ndipo akayamba kusewera amavala kabudula wakuda ndi nsapato zakuda basi, opanda chokongoletsa. Mwambo umenewu wafalikira m'sukulu zambiri, moti musadabwe mphunzitsi akakuuzani kuti chitani masikwati 300 musanakhudze n'komwe chingwe cha ring'i. Koma chonde musadzuke mawa n'kuchita 500 chifukwa mwawerenga pano. Yambani ndi 50, muziwonjezera 25 mlungu uliwonse. Munthu akaumiriza minofu yosazolowera mopitirira muyeso, minofuyo imaphwanyika, zotsalira zake n'kulowa m'magazi n'kukawononga impso. Chizindikiro chake ndi ululu woopsa, kutupa, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona zimenezo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mphamvu, khosi ndi mbale ya nsima

Mphamvu zofunika ndi za miyendo, msana ndi pamimba, chifukwa ndi zimene zimanyamula munthu. Ngati muli pafupi ndi jimu, limbikirani masikwati a chitsulo paphewa, kunyamula chitsulo kuchokera pansi msana uli wowongoka, kuchikankhira m'mwamba, ndi kudzikweza pa chitsulo chopingasa. Ngati jimu kulibe, thumba la mchenga la makilogalamu 30 kapena 40 ndi mphunzitsi wabwino: likumbatireni, liikeni paphewa, yendani nalo, litsitseni mofatsa ngati ndi mwana wa eni. Kutsitsa mofatsako ndiye phunziro lenileni.

Khosi musaliiwale. Gonani chagada pa bedi mutu uli kunja kwa m'mphepete, muziweramitsa ndi kudzutsa pang'onopang'ono, kenaka chammbali, kenaka chafufumimba. Mukhozanso kukankha mutu ndi chikhatho chanu khosi likukana. Zoimirira pamutu zija, zimene akatswiri amapinda msana mutu uli pansi, dikirani mpaka pakhale mphunzitsi woyang'anira.

Pa chakudya, nsima ikupatsani mphamvu zothamangira, koma minofu imamangidwa ndi ndiwo. Munthu wochita masewera olimba amafunika magalamu a puloteni pakati pa 1.6 ndi 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Wolemera makilogalamu 70 ndiye kuti akufunika magalamu 110 mpaka 150. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho muona nokha kuti mbale ya mitanda isanu ndi kandiwo kongonunkhiritsa sizikwana. Usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya, mtedza, chiponde, mkaka ndi mazira ndi zimene zingakufikitseni pamenepo mosaboola thumba. Imwani madzi ambiri, gonani maola asanu ndi atatu.

Ku jimu mudzakumana ndi wina wokunong'onezani za jakisoni kapena mapiritsi okulitsa thupi msanga. Mukaneni. Mankhwala amenewa amakulitsa mtima mosayenera ndi kuwononga chiwindi, ndipo mbiri ya wrestling yadzaza ndi maliro a anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40. Eddie Guerrero, katswiri wa WWE, atamwalira ndi matenda a mtima mu 2005 ali ndi zaka 38, WWE inakhazikitsa ndondomeko yoyeza osewera ake mankhwala mu 2006. Ndipo musadzione kuchepa chifukwa cha msinkhu. Omos wa ku Lagos ndi wamtali mamita 2.21, inde, koma Rey Mysterio ndi wa mamita 1.68 ndipo anakhalapo katswiri wa dziko lonse lapansi.

Kugwa

Tafika pa mtima wa nkhaniyi. Kugwa chagada mwadala, kumene a m'masewerawa amakutcha bump, ndi chinthu chimene thupi la munthu limakana mwachibadwa. Kuyambira uli mwana, ukamagwa umatsogoza dzanja kapena chigongono. Mu ring'i kutero ndiko kuthyola mkono. Uyenera kuphunzitsa thupi kuchita zosiyana ndi zimene lakhala likuchita moyo wonse.

Kagwedwe kake n'kotere. Chibwano chimakanikizidwa pachifuwa, maso akuyang'ana pamchombo, kuti nkhongo isamenye pansi. Miyendo imaponyedwa kutsogolo, chiuno n'kukwera, ndipo chimene chimafika pansi ndi kumtunda kwa msana, pakati pa mapewa, kofika kamodzi mwathyathyathya. Nthawi yomweyo manja onse awiri amatambasukira m'mbali n'kumenya pansi ndi zikhato, kuti mphamvu ya kugwako imwazike pa malo aakulu. Mpweya umatulutsidwa pogwa, osausunga. Wogwa bwino amamveka phokoso limodzi, phwa! Wogwa molakwika amamveka kawiri kapena katatu, matako kaye, msana, kenaka mutu, ndipo mphunzitsi amadziwa ndi khutu lokha asanatembenuke n'komwe.

Ndafotokoza kuti mudziwe chimene chikukudikirani, osati kuti mukayesere pa simenti kapena pa matiresi a kuchipinda. Matiresi ndi wofewa mopitirira, amabisa zolakwa, ndipo khosi limapindika mosayembekezera. Malo abwino oyambira, ngati sukulu ya wrestling ili kutali, ndi kalabu ya judo. Ku Malawi judo ilipo ndipo inafika mpaka pa masewera a Olympics a ku Tokyo. Phunziro loyamba la judo ndi lomweli la kugwa, lotchedwa ukemi: chagada, chammbali, ndi kugubuduka chakutsogolo, kuyambira chokhala pansi, kenaka chonjuta, kenaka choimirira. Chaka chimodzi cha judo chidzakupatsaninso china chimene jimu singakupatseni, ndicho kudziwa kulemera kwa thupi la munthu wina likakhala m'manja mwanu. Amene anachitapo masewera ogwetsana a ku Olympics, ngati Kurt Angle amene anapata mendulo ya golide ku Atlanta mu 1996, amaphunzira wrestling msanga pa chifukwa chomwechi.

Mukadzagunda mutu n'kumva chizungulire, nseru, mutu kuwawa kapena kuiwala zimene zangochitika, imani pomwepo. Ubongo wagwedezeka, ndipo kuugundanso usanachire n'kumene kumapha kapena kupundula. Mphunzitsi wokuuzani kuti limbani mtima pitirizani pa nthawi yotere, musiyeni, si mphunzitsi.

Kupeza sukulu yeniyeni

Wrestling siphunziridwa pa YouTube. Pafunika ring'i ndi munthu amene anaseweradi. Kwa ife a kuno kummwera kwa Africa, kumene masewerawa anazika mizu kalekale ndi ku South Africa. Africa Wrestling Alliance ya ku Cape Town yakhala ikuchititsa masewera kuyambira m'zaka za m'ma 1990. PJ Black, amene ku WWE ankatchedwa Justin Gabriel, anabadwira mu mzinda womwewo, anaphunzira kwa bambo ake, anakasewera ku England, kenaka n'kutengedwa ndi WWE. Njira yake ndi imene ambiri amadutsa: kuyamba pafupi, kusewera m'maholo ang'onoang'ono, kenaka kutali. Abale amene muli ku Britain muli ndi mwayi, chifukwa kumeneko sukulu zilipo m'mizinda yambiri. Ku America, mwa sukulu zodziwika muli Reality of Wrestling ya Booker T ku Texas, Nightmare Factory ya Cody Rhodes ku Georgia, ndi Black and Brave ya Seth Rollins ku Iowa, ndipo zitatu zonsezi zinalowa mu ndondomeko ya WWE ID imene inayamba mu 2024 yoyang'anira osewera ongoyamba kumene.

Ambiri munaonapo pa foni anyamata ndi atsikana a Soft Ground Wrestling ku Mukono, ku Uganda, akugwetsana m'matope, ring'i yawo ili nsungwi ndi zingwe. Khama lawo limandikhudza mtima, ndipo dziko linawaona chifukwa cha khamalo. Koma musatengerepo phunziro lakuti kukumba dothi kuseri kwa nyumba n'kokwanira. Tengeranipo lakuti anayamba ndi zimene anali nazo ndipo sanaleke.

Musanalipire sukulu, kaoneni kaye tsiku limodzi. Mphunzitsiyo anaphunzira kwa yani, anasewera kuti, ndipo amene anawaphunzitsa ali kuti lero? Kodi iye mwini amakhalapo, kapena amangosiyira ophunzira anzanu? Ngati ongoyamba kumene akulumpha kuchokera pa chingwe chapamwamba mlungu woyamba, tulukani. Sukulu yabwino imakutopetsani ndi zobwerezabwereza: kugubuduka, kugwa, kugwirana koyambira kumene dzanja lina limakhala pakhosi lina pachigongono, ndi kuthamanga pa zingwe. Zingwezo si zofewa. M'maring'i ambiri ndi waya wachitsulo wovekedwa paipi ya labala, ndipo milungu yoyamba mudzakhala ndi mikwingwirima kuyambira kukhwapa mpaka m'chiuno. Mudzaphunziranso kuti ku America, Britain ndi Japan amagwira dzanja ndi mwendo wakumanzere wa mnzawo, pamene ku Mexico amagwira chakumanja, kuti awiri osadziwana athe kusewera osasokonezana. Yembekezerani miyezi yambiri, mwina chaka, musanaloledwe kusewera pamaso pa anthu.

Gulani zotchinga mawondo ndi zigongono, nsapato zogwira kakolo, ndi choteteza mano. Wengani zikhadabo, vulani ndolo ndi mphete, sambani, chapani zovala tsiku lililonse. Chipere ndi zithupsa zimafala msanga pa chinsalu chimene anthu makumi awiri akhetserapo thukuta.

Pakamwa ndi nkhope

Munthu akhoza kugwa bwino kuposa onse koma osatengedwa, chifukwa oonerera sakumumva kanthu. Pa mayeso adzakuimikani kutsogolo kwa kamera n'kukupatsani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mulankhule. Amati promo. Ambiri apa amangoyamba kukuwa ndi kutengera mawu a akatswiri a pa TV, ndipo oyesawo atopa nazo zimenezo. Nenani kuti ndinu yani, mukufuna chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani munthu alipire ndalama kudzakuonani mukupambana kapena mukumenyedwa.

Ife tili ndi chuma pamenepa chimene sitichiwerengera. Tinakulira pa nthano za agogo, tamva alaliki a pamsika akuimitsa anthu amene anali pa ulendo wawo, tamva oitanira minibasi, taona mmene wovina waluso amagwirira bwalo lonse ndi phewa limodzi. Kudziwa nthawi yokweza mawu, nthawi yotsitsa ndi nthawi yongokhala chete n'kuyang'ana anthu, ndi luso lomwelo. Lowani gulu la zisudzo ngati lilipo pafupi. Dzijambuleni pa foni tsiku lililonse kwa mphindi imodzi, onerani, konzani. Chitani m'Chingerezi, chifukwa ndicho adzakuyeserani, koma kalankhulidwe ka kwanu musakabise. Oba Femi wa ku Nigeria, amene ankaponya mpira wachitsulo (shot put) pa University of Alabama asanalowe WWE, amalankhula ngati munthu wa kwawo, ndipo anthu amamukonda nazo.

Phunziraninso kuonetsa ululu, kumene amati selling. Mnzanu akakumenyani mwendo, mwendowo uzikupwetekani mpaka masewera atha, osati kutsimphina kawiri kenaka n'kuthamanga ngati palibe chachitika.

Kufunsira mayeso

WWE imaphunzitsira anthu ake pa Performance Center ku Orlando, m'chigawo cha Florida, imene inatsegulidwa mu 2013 ili ndi maring'i asanu ndi awiri. Ku mayeso ake munthu sangofika, amachita kuitanidwa, ndipo kufunsira kwake n'kolemba fomu pa tsamba la intaneti la kampaniyo. Yachititsapo mayeso kunja kwa America, monga ku Dubai ndi ku Mumbai, ndipo chakumapeto kwa 2022 inalengeza, mogwirizana ndi SuperSport, kuti ikufunafuna anthu a mu Africa, malo osankhidwa ali Lagos. Masiku ano imakonda kwambiri achinyamata amene anachita bwino m'masewera ena. Bianca Belair, katswiri wamkazi wa WWE, anali wothamanga. Choncho ngati mumasewera rugby, netball, basketball, nkhonya kapena mumanyamula zitsulo pa mpikisano, musaleke. Mendulo ndi mbiri yolembedwa zimatsegula khomo.

Konzani zithunzi zooneka bwino, china cha nkhope, china cha thupi lonse. Lembani kutalika ndi kulemera kwanu koona. Konzani vidiyo yaifupi: promo ya mphindi imodzi, ndi masewera amodzi athunthu osadula, chifukwa odziwa ntchito amafuna kuona zimene mumachita pakati pa zodabwitsazo. Pasipoti ikhale m'manja nthawi isanakwane.

Chenjerani ndi akuba. Munthu wokulemberani pa Facebook kapena WhatsApp kuti ndi nthumwi ya WWE, tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kuti akusungireni malo, ndi wakuba basi. Ndipo musakasewere kolipidwa m'dziko la eni pa viza ya mlendo. Mike Bailey, wosewera wa ku Canada, analetsedwa kulowa mu America kwa zaka zisanu kuyambira 2016 chifukwa cha nkhani ya viza yogwirira ntchito.

Tsiku lenilenilo

Mlungu womaliza chepetsani masewera kuti thupi lipume. Musayese chakudya chachilendo. Fikani ola limodzi nthawi isanakwane, chikwama chili ndi madzi, thaulo, malaya osinthira awiri kapena atatu, nthochi ndi mapepala akuchipatala aja.

Mukalowa, patsani moni wa dzanja aliyense, kuyambira mphunzitsi wamkulu mpaka womanga ring'i, n'kutchula dzina lanu. Umenewu ndi mwambo wakale wa masewerawa, ndipo kwa ife amene tinaleredwa kuti sudutsa munthu osamulonjera, si wovuta. Pukutani mapazi m'mphepete mwa ring'i musanalowe. Mphunzitsi akamalankhula, tsekani pakamwa, muyang'aneni. Akakukonzani, yankhani kuti mwamva ndipo chitani chimene wanenacho ulendo wotsatira womwewo, chifukwa nthawi zina amasintha lamulo dala, kuti yambani ndi phazi lamanzere m'malo mwa lamanja, pofuna kuona amene akumvetsera atatopa. Musaonetse luso limene sanakufunseni. Mukalakwitsa, musatukwane kapena kumenya chingwe, bwererani pa mzere. Mnzanu akamalephera, mulimbikitseni mokweza. Akuonanso zimenezo, pakuti munthu amene adzamutenge adzayenda naye m'galimoto ndi m'ndege chaka chonse.

Mukamva nseru, tulukani, sanzani mu ndowa, tsukani m'kamwa, bwererani. Koma ngati ndi mutu mwagunda, kapena dzanja lachita dzanzi kuchokera m'khosi, uzani wachipatala nthawi yomweyo ngakhale mukuona kuti mwayi ukupita.

Pomaliza thandizani kumasula ring'i ndi kunyamula matabwa ngati akumasula. Tsanzikanani ndi aliyense. Ambiri satengedwa ulendo woyamba, choncho musanachoke pezani mphunzitsi mmodzi amene ali ndi mpata, mumufunse mwaulemu zinthu ziwiri zimene mukakonze. Zilembeni m'kabuku musanakwere galimoto, mawu ake enieniwo, ndipo Lolemba mukazionetse kwa mphunzitsi wanu.